Mpando wa Alendo kwa Amakatani

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo zimene ndimalemba zimathera pa bolodi n'kufufutidwa belu likalira. Nkhani yoti anthu awerenge sindinalembepo. Iyi ndalemba n'kung'amba kangapo, poopa kuwonjezera zimene sindinaone, komanso poopa kuyalula za m'nyumba ya eni. Mwini nkhani ndinawapempha kaye, ndipo anangoti, "Lembani, aphunzitsi, koma musandiikemo ngati munthu wodandaula." Ndayesetsa. Pomwe sindinaone ndi maso anga ndinena kuti ndinachita kumva.

Timakhala m'nyumba zija zomangidwa ziwiriziwiri, khoma limodzi pakati. Mbali ino ndi ya ine ndi mkazi wanga. Mbali inayo amakhala mayi amene mumsewu monse timawatchula kuti Amakatani, chifukwa ntchito yawo ndi kusoka makatani. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ali pabalaza pafupi ndi zenera. Pambali pake pali tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza ndi timphete tokolowekera makatani. Tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo, moti nthawi zina amapita nayo kusitolo osadziwa. Makatani a m'nyumba mwawo okha ndi osafanana, zenera lililonse mtundu wake, chifukwa ndi zidutswa zotsala pa ntchito za anthu.

Amuna awo anali oyendetsa mabasi a maulendo ataliatali, ndipo mpaka lero timawatchula kuti Adalaivala. Ndi munthu wamkulu thupi, wa mapewa otambalala. Zaka zingapo zapitazo anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu ambiri anawathawa. Ochepa amene anatsala ndi a m'basi. Akakhuta amati, "Tadzaza." Akafuna kudzutsidwa amamenya thabwa la bedi ndi dzanja lamoyolo n'kuti, "Tiyeni." Iwo amaitana akazi awo kuti kondakitala, ndipo Amakatani amayankha kuti kondakitala ameneyu sanalandirepo tchuthi chilembedwere ntchito.

Amanena moseka, koma ndi zoona. Kale Amakatani ankayenda kwambiri. Ankakonda kupita m'nyumba za anthu kukayeza mawindo, n'kubwerako ndi nkhani za mmene ena amakhalira. Chidwalire amuna awo, makasitomala amachita kuyeza okha n'kutumiza pa foni, ndipo theka la iwo amalakwitsa. Tsiku lina mkazi wanga anawafunsa chimene angachite atapatsidwa tsiku lathunthu lawolawo. Akuti anaganiza nthawi yaitali, kenako anati angapite kusitolo yaikulu ya nsalu, n'kumangogwira nsalu iliyonse ndi zala, osagula kanthu, mpaka eni sitolo atawathamangitsa.

Ntchito yolemetsa pa zonse ndi yonyamula. Adalaivala amayenera kuchotsedwa pabedi kupita pa njinga ya odwala, kuchoka pa njinga kupita kosamba, kenako kubwerera. Amakatani ndi munthu wamfupi, wochepa thupi. Anadzisokera lamba wa nsalu yolimba ya makatani, wokhala ndi zogwirira ziwiri kumsana. Amamangirira lambayo m'chiuno mwa amuna awo, amaika bondo lawo kutsogolo kwa bondo lakufalo kuti lisapindike, n'kukumbatira zogwirirazo. Kwa ine, kuseri kwa khoma, zonsezi zinkamveka ngati mawu awiri basi: "Tiyeni, adalaivala," kenako kubuula kumodzi kwakuya. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti wobuulayo ndi wodwala.

Pabalaza pawo pali mpando umodzi wabwino, wa makushoni ofewa, woyalidwa kansalu koyera kotsamira mutu. Umenewo ndi wa alendo, ndipo eni nyumba sakhalapo. Alendo sasowa: a kumpingo, madalaivala anzawo akale, ndi ine amene ndinkapita Lamlungu masana kukacheza ndi Adalaivala za mpira. Mlendo asanafike, Amakatani amawameta amuna awo ndevu, kuwaveka malaya ositidwa, kutsegula mawindo kuti fungo la mankhwala lituluke, ndi kubisa beseni pansi pa bedi. Mlendo akakhala, amamubweretsera tiyi m'kapu ya maluwa, ndi buledi wopaka majarini. Potuluka aliyense amanena chimodzimodzi: koma amayi mukuwasamala bwino bambowa, ndinu olimba. Inenso ndinkatero.

Amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino ndi nesi woyendera odwala m'makomo. Anabwera kudzaona msana wa Adalaivala ngati wayamba zilonda, koma anaona mmene Amakatani ankaikira dzanja pamimba powerama. Anawatengera kuchipinda n'kupeza chotupa pafupi ndi mchombo. Kuchipatala anati mnofu wa pamimba unang'ambika chifukwa chonyamula zolemera, matumbo akukankhira pamenepo, ndipo tsiku lina akhoza kukanirira n'kupotana. Anawapatsa tsiku la opaleshoni. Anawauzanso kuti akadzatuluka asadzanyamule ngakhale ndowa ya madzi kwa milungu ingapo.

Funso linali loti Adalaivala atsala ndi ndani. Nesi uja anafotokoza njira zimene zilipo, ndipo izi ndinamva ndekha chifukwa ndinali pampando uja. Anati kutsidya kwa tawuni kuli nyumba yosungirako odwala kwa kanthawi, kuti owasamalira apumeko kapena akalandire thandizo lawo. Anaonetsa zithunzi pa foni: mabedi otsika ndi kukwera, bwalo la udzu, anamwino awiri aamuna. Amakatani anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, ndipo ine ndikukhulupirira kuti mtima wawo unalakalaka. Koma Adalaivala, amene anali pa njinga yawo pakona, anatembenuzira nkhope kukhoma n'kutulutsa liwu limodzi.

"Galaja."

"Si galaja, bambo," anatero nesi. "Mukangokhalako pang'ono n'kubwerera."

"Galaja," anabwerezanso, ndipo tsiku limenelo anakana kudya.

Njira yachiwiri inali ya anthu odzipereka amene amabwera kudzakhala ndi wodwala masana. Koma amenewo amaweruka madzulo, ndipo lamulo lawo siliwalola kunyamula munthu. Inatsala njira ya wachibale. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, amakhala kutali ndipo anali ndi khanda. Pomaliza amene anavomera kubwera ndi mchemwali wa Adalaivala, wamng'ono kwa iwo, mayi wogulitsa nsapato, wa mawu okweza ndi mtima wabwino. Amakatani amawatchula kuti alamu, ndipo inenso ndiwatchula choncho. Anagwirizana kuti alamuwo afike masiku angapo tsikulo lisanakwane, kuti aphunzire ntchito.

Sabata yoyembekezera alamu, kunyumba ija kunali ntchito yoposa masiku onse. Ndinawaona Amakatani akukoka matiresi kupita padzuwa, dzanja limodzi lili pamimba. Anatsuka makoma a chipinda chaching'ono, anasamutsa nsalu za makasitomala zimene ankasungamo, ndipo anasoka makatani atsopano, ofanana mbali zonse, oyamba otero m'nyumbamo. Mkazi wanga atawauza kuti akubwerawo ndi wodzathandiza osati mkwatibwi, anayankha kuti munthu wosiya malonda ake chifukwa cha iwo sangamugoneke m'fumbi.

Alamu anafika atakonzeka. M'chikwama mwawo munali epuloni ndi magolovesi a labala, ndipo anazitulutsa asanakhale n'komwe.

"Alamu, ine ndabwera kudzagwira ntchito. Musandiyese mlendo," anatero kwa Amakatani.

"Mwangotsika kumene m'basi, mapazi atupa awa. Khalani apa. Ntchito tiyamba mawa."

Anawakhazika pampando uja, n'kuwabweretsera kapu ya maluwa.

Mawa lake alamu podzuka anapeza nsalu za pabedi zili kale pachingwe, achimwene awo atasamba, atapesedwa, ali pa njinga. Anauzidwa kuti lero zachitika msanga chifukwa bambo anadzuka m'mamawa, aphunzira mawa. Tsiku lotsatira alamu analawirira, koma anapeza chitseko cha kuchipinda chotseka. Anagogoda n'kufunsa ngati angalowe, ndipo mkati munachokera mawu oti tatsala pang'ono. Chitseko chinatseguka zonse zitatha. Ntchito imene ankapatsidwa inali yosenda mbatata ndi kupukuta makapu, ndipo ngakhale imeneyo Amakatani ankaipepesa.

Alamu ankadandaulira mkazi wanga pampanda. Ankati kuno ndikungonenepa, ndibwerera kwathu nsapato zisakundikwana. Mkazi wanga anawauza kuti angokankha chitsekocho. Iwo anati nyumba ya mkazi mnzako sukankha chitseko, komanso ali mkatimo ndi achimwene awo, amene anawalipirira sukulu, ndipo akalowa m'chipindamo achimwenewo amatseka maso ngati agona. Amakatani nawonso anadzandiuza mbali yawo pambuyo pake. Anati m'mawa uliwonse ankadzuka atatsimikiza kuti lero awaitana alamu. Koma akakoka beseni n'kuona zili mmenemo, ankadzifunsa kuti angalipereke bwanji m'manja mwa munthu amene dzulo lomwe anali kumwa tiyi m'kapu ya maluwa. Ndiye ankati nditaye kaye, ndiwaitana pa zosavutazo. Akataya, n'kupukuta, n'kusintha, zosavutazo zinkathera pomwepo.

Ndisamale apa, chifukwa sindikufuna kuti wowerenga aweruze mmodzi mwa amayi awiriwa. Palibe amene anali waulesi, palibe amene ananyoza mnzake. Aliyense ankalemekeza mnzake, ndipo masiku anatha.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni ndinapita kukawanyamulira chikwama mpaka pokwerera. Ndinawapeza atavala diresi la buluu ndi nsapato zopitira kumpingo, milomo youma chifukwa kuchipatala anawaletsa kudya ndi kumwa. Adalaivala anali atasamba kale, atakhala m'mphepete mwa bedi, koma asanakwezedwe pa njinga. Apa mpamene Amakatani anaganiza zophunzitsa. Anaima pakhomo la chipinda, chikwama chili m'manja, n'kuyamba kufotokoza mofulumira: lamba amangidwe chonchi, bondo lanu pa bondo lawo, musakoke ndi manja, dikirani iwo anene okha.

Alamu anavala epuloni yawo ija, ikadali ndi mizere ya kusitolo. Lamba anamanga, koma momasuka, poopa kuwapweteka achimwene awo. Ndipo kuti awakumbatire pachifuwa mmene zimafunikira, manyazi anawagwira, anaima patali pang'ono n'kugwira m'khwapa. Adalaivala anali atatseka maso. Sanamenye bedi, sanati tiyeni. Alamu anakoka.

Bondo lakufa lija linapindika. Adalaivala anatsetsereka pang'onopang'ono pakati pa bedi ndi njinga, n'kuwagwetsera alamu pansi, dzanja la alamuwo lili kunsi. Sikunali kugwa kwa phokoso. Ine ndinathamangira n'kugwira chimene chinali pafupi, ndipo unali mkono wakufa uja.

"Musakoke mkono umenewo, aphunzitsi. Uguluka," anatero Amakatani.

Ndinausiya. Ndinaima pamenepo, mwamuna wamphamvu zanga, osadziwa pogwira. Pansi panayamba kuyenderera madzi kuchokera pa buluku la Adalaivala, ndipo iwo anaphimba nkhope ndi dzanja lamoyolo.

Amakatani anaika chikwama pansi. Anavula nsapato n'kuziika pambali mosamala. Anagwada, anamasula lamba n'kumanganso molimba, anapinda miyendo ya amuna awo, n'kutiuza kuti tigwire njinga isasunthe. Anati, "Tiyeni, adalaivala," ndipo ndinamva kubuula kuja ndili m'chipinda momwemo. Kunachokera mwa Amakatani. Atawakhazika pa njinga anakhala choweramira kanthawi, dzanja pamimba, nkhope itatuwa.

Kenako anati, "Alamu, aphunzitsi, takakhalani pabalaza pang'ono."

Tinatuluka, ndipo chitseko chinatsekeka. Alamu anakhala pampando wa makina akusisita dzanja lawo lomwe linayamba kutupa, akulira mwakachetechete. Ine ndinkayang'ana wotchi, n'kumadziuza kuti tikafulumira tikhoza kufikabe. Chitseko chitatseguka, Amakatani anatuluka akukankha njinga, atavula diresi la buluu lija, atavala la ntchito. Adalaivala analoza kukhomo ndi dzanja, n'kumenya chogwirira cha njinga.

"Kondakitala. Tiyeni. Tiyeni."

"Basi yapita, adalaivala," anatero Amakatani.

Ndinanena kuti ndikhoza kuitana takisi, kuti ine ndi mkazi wanga tikhala, kuti nesi tingamuimbire. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, mwaulemu, monga amachitira. Kenako anandifunsa kuti madzulo ano adzawagoneka ndani. Analowa kukhitchini, ndipo patapita nthawi pang'ono anabwera ndi thireyi: tiyi wa ine, tiyi wa alamu, ndi nsalu yonyowa yomanga dzanja lotupa lija.

Alamu anakhalako masiku angapo, dzanja lili m'bandeji, ndipo tsopano analidi mlendo, wochita kumangiridwa mabatani. Tsiku lonyamuka ndinamva akutsanzikana pakhonde. Alamu anati, "Mukanandilola tsiku loyamba lija." Amakatani anati, "Ndikanayambira pati?" Makatani atsopano aja anawachotsa pazenera n'kuwapindira m'chikwama cha alamuwo.

Nesi atamva anakwiya, ndipo mkwiyo wake sunadziwe kolowera. Anawapezera tsiku lina, koma lili patsogolo ndithu, chifukwa odikira ndi ambiri. Anatchulanso za nyumba ya kutsidya kwa tawuni, chapansipansi, Adalaivala ali kuchipinda. Amakatani anati aganiza. Ine ndikuona kuti sadzatero, ndipo sindikudziwa ngati ndiwaimbe mlandu. Iwo ndi amene anawaona amuna awo akukana chakudya tsiku lathunthu.

Chotupa chikukula. Masiku ano amadzimanga pamimba ndi chidutswa cha nsalu yomweyo imene anasokera lamba. Makina samveka kawirikawiri kuseri kwa khoma, chifukwa kupalasa kumawapweteka, ndipo makasitomala ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasokedwa. Chimene chimamvekabe ndi mawu awiri aja, m'mawa, masana ndi madzulo. Alendo akubwerabe. Kapu ya maluwa ikutulukabe.

Lamlungu lina, alamu atapita, ndinavala malaya anga abwino monga mwa nthawi zonse. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikupita kukamwa tiyi wa odwala. Ananena ngati nthabwala, akupukuta mbale. Ndinabwerera kuchipinda n'kuvala zovala zolimira kudimba.

Ndinalowera khomo la kukhitchini, limene sindinalowerepo. Amakatani anadzidzimuka, anayang'ana zovala zanga, ndipo dzanja lawo linali litafika kale pa ketulo. Ndinawauza kuti tiyi ndamwa kwathu, ndipo pampando sindikhala. Ndabwera kuti andionetse za lamba.

"Manja a choko amenewo?" anatero, akuseka pang'ono. "Mufuna mundigwetserenso bambo?"

"Mwina ndiwagwetsa. Koma bola ndiwagwetse inu mulipo."

Anati lero bambo asamba kale, ndibwere mawa. Ndinati ndidikira nthawi yowagoneka masana, ndipo ndinaima pomwepo pafupi ndi sinki, wopanda chochita ndi manja anga, iwo akuzungulira ine ngati kabati yoikidwa pamalo olakwika. Kawiri konse anandilozera mpando uja. Nthawi itakwana, chitseko cha kuchipinda anachisiya chotsegula theka. Ndinalowa. Adalaivala anatseka maso. Onyamula anali Amakatani omwe, monga kale. Ine anangondilola kuima kumbuyo n'kugwira chogwirira chimodzi cha lamba. Beseni analikankhira pansi pa bedi ndi phazi, akuganiza kuti sindinaone.

Ndi pamenepo pomwe tafika. Sindinganame kuti zinthu zakonzeka. Sindikudziwa ngati pofika tsiku latsopanolo ndidzakhala nditadziwa kuwanyamula ndekha, kapena ngati Adalaivala adzalola kutsegula maso ine ndili m'chipindamo, kapenanso ngati chotupacho chidzadikira. Komanso munthu mmodzi wopita kuntchito sangakwanitse tsiku lonse, ndipo zimenezo ndiyenera kukakambirana ndi nesi, ndi alamu dzanja likapola, ndi anthu odzipereka aja. Chimene ndatsimikiza n'chakuti ndikaweruka kusukulu ndizilowera khomo la kukhitchini, tsiku lililonse, ngakhale andiuze kuti mawa. Beseni lija ndidzalikoka ndekha pansi pa bedi osadikira kupatsidwa. Ndipo pampando wa kansalu koyera uja sindikhalanso mpaka Amakatani atapita kuchipatala n'kubwerako, ndipo tsiku limenelo okhalapo adzakhala iwo.